Thupi la Mkazi Si Mtengo wa Ntchito

Mawu amene Mlembi wa Chigwirizano cha Amayi analankhula pa tsiku la chikumbutso, kwa Lukwa, m'boma la Kasungu



Komiti inatituma kuti pa tsiku lalikulu ili tilankhule nkhani imene kaŵirikaŵiri imanenedwa monong'ona ku chitsime kapena pobwera ku chigayo, koma pagulu ayi. Nkhaniyo ndi ya bwana, kapitao kapena kalaliki amene amafuna thupi la mkazi kuti amulembe ntchito, kapena kuti asamuchotse. Tipempha akuluakulu kuti mutilole, pakuti mawu ena ndi olemera kuwatchula pamaso pa apongozi. Koma chilonda chophimba ndi nsanza sichipola. Mfundo yathu lero ndi imodzi: khalidwe limeneli ndi mlandu pa malamulo a dziko la Malaŵi, wolakwa ndi bwanayo osati mkazi, ndipo alipo makomo amene mkazi wovutitsidwa angathe kugogoda.

Mmene vutoli limabwerera kuno kwathu

Ife a kuno tinakulira m'fodya. Tidziŵa ntchito yake kuyambira ku nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa, kusankha masamba, mpaka kudinda mabelo opita ku msika wa ku Chinkhoma. Ntchito zambiri mwa zimenezi zimagwiridwa ndi manja a amayi. Tidziŵanso kuti nthaŵi imene ntchito imachuluka pa esiteti, miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, ndiyo nthaŵi yomweyo imene nkhokwe zili mbee, ana akufuna ndalama za sukulu, ndipo chimanga chakwera mtengo pa msika. Mayi amapita kukafuna ganyu ali ndi njala kumbuyo kwake.

Tsono taonani mphamvu imene ili m'manja mwa munthu mmodzi. Iye ndiye alemba maina a oloŵa ntchito. Iye ndiye ayeza mgwazo, kuti uyu alime mizere yambiri, uyo yochepa. Iye ndiye achonga tikiti madzulo, ndipo tsiku losachongedwa lilibe malipiro. Iye ndiyenso anena amene abwerenso chaka chamaŵa. Akapitao ambiri ndi anthu aulemu, ndipo ena ndi amuna athu ndi ana athu omwe. Koma amene ali ndi mtima woipa sasoŵa chikwapu. Amangonena kuti, "Utsalire anzako akaŵeruka," kapena, "Dzina lako ndiliganizira ukandiganizira." Mkazi akakana, maŵa lake mgwazo wake ukula, tikiti yake isoŵa, fodya wake anenedwa kuti wasankhidwa moipa, ndipo potsiriza auzidwa kuti ntchito yatha.

Zimenezi sizichitika m'minda mokha. Zilipo m'masitolo ndi m'malo odyera pa boma pa Kasungu, m'nyumba zogona alendo, m'maofesi a anthu ophunzira, ndiponso m'nyumba za anthu mmene atsikana athu amagwira ntchito yophika ndi kulera ana. Mwini nyimbo ndi mmodzi, angosintha ng'oma.

Mkazi amakhala chete pa zifukwa zimene tonse tizidziŵa. Aopa kutaya ntchito. Aopa kuti bambo a kunyumba akamva banja litha. Aopa milomo ya anthu imene idzafunsa kuti anavala chiyani, anasekereranji. Ndipo ambiri amaganiza kuti palibe lamulo lokhudza zotere, kuti ndi mmene ntchito imakhalira. Ganizo lomalizali ndilo tifuna kulizula lero.

Zimene malamulo anena

Malamulo Aakulu a dziko lino, amene analembedwa mu 1994, pa gawo 24 amatchula poyera kuti amayi atetezedwe ku nkhanza, ku kuvutitsidwa ndi zachiwerewere, ndi ku tsankho pa ntchito. Pa gawo 31 amati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi mosaopsezedwa.

Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Gender Equality Act, ndiye kuti lamulo loona za kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2014. Gawo 6 la lamuloli ndilo tiyenera kuliloŵeza pamtima. Limati munthu walakwa akachitira mnzake zinthu zokhudza chiwerewere zimene mnzakeyo sakuzifuna, kaya ndi mawu, kaya ndi zizindikiro, kaya ndi kumugwira thupi, pamene munthu wanzeru zake akanadziŵa kuti mnzakeyo akhumudwa, achita manyazi kapena achita mantha. Chilango chimene lamulolo linaika ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala m'ndende zaka 5.

Amayi anzathu, mvetsetsani bwino pamenepa. Lamulo silidikira kuti mpaka munthu agwiriridwe. Kugwira mkazi maŵere kapena m'chiuno iye asakufuna, ndi mlandu. Kumulankhula zolaula tsiku ndi tsiku, ndi mlandu. Kumutumizira zithunzi zonyansa pa foni, ndi mlandu. Kumuuza kuti ntchito aipeza akavomera kugona naye, ndi mlandu. Kugwirira ndiye mlandu waukulu koposa, umene uli m'malamulo a milandu yaupandu, ndipo munthu angakhale nawo m'ndende moyo wake wonse.

Gawo 7 la lamulo lomweli likhudza olemba anthu ntchito. Limafuna kuti pa malo a ntchito pakhale ndondomeko yodziŵika yolandirira madandaulo otere, ndi munthu amene wodandaula angamufikire popanda kupyolera kwa bwana yemwe akumuvutitsayo. Likunenanso chinthu china chofunika kwambiri: mkazi sakakamizidwa kudikira kuti nkhani ithe kukambidwa pa ntchito pomwepo asanapite ku polisi kapena ku khoti. Chotero bwana akanena kuti, "Izi ndi za pa kampani, sizituluka kunja," akunama.

Lilipo lamulo lina la mu 2000 lotchedwa Employment Act, loona za olembedwa ntchito. Lamuloli limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mpata wodziyankhira. Pa mlandu, wolemba ntchito ndiye ayenera kuonetsa chifukwa chimene anachotsera munthu. Kudandaula kuti bwana akuphwanya malamulo si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Ndiponso mkazi akasiya yekha ntchito chifukwa khalidwe la bwana lafika posapiririka, gawo 60 limaŵerenga kuti mkaziyo wachita kuchotsedwa, ndipo ali ndi ufulu wodandaula. Lamuloli limazindikira pangano la ntchito ngakhale la pakamwa, choncho mayi wosankha fodya ndi mtsikana wa m'nyumba nawonso ali m'kati. Kumbukiraninso kuti mu 2021 lamuloli linakonzedwa ndi kuletsa ulimi wa matenanti, umene unkasiya mkazi wa tenanti akugwira ntchito chaka chonse dzina lake losalembedwa paliponse.

Amayi ena anayenda kale njira imeneyi

Wina anganene kuti malamulo ndi mapepala chabe. Tsono tikuuzeni zimene zinachitikadi m'dziko mwathu muno.

Ku Mulanje ndi ku Thyolo kuli minda ya tiyi, kumene moyo wa mayi wa ganyu ufanana kwambiri ndi wa kuno ku fodya. Amayi 36 ogwira ntchito m'minda ya kampani ya Eastern Produce Malawi anadandaula kuti akapitao ndi mabwana ena ankawavutitsa, ndipo ena anagwiriridwa. Mothandizidwa ndi maloya a Leigh Day, anakasuma ku khoti la ku London, pakuti mwini wamkulu wa kampaniyo, Camellia, ali ku Britain. Mu Febuluwale 2021 nkhaniyo inatha mwa mgwirizano. Kampaniyo sinavomere mlandu, koma inalola kutulutsa mapaundi 2.3 miliyoni pa nkhani ya ku Malaŵiyi, ndiponso inalonjeza kuphunzitsa amayi utsogoleri ndi kuika amayi oyang'anira chitetezo cha anzawo m'minda. Amayi ameneŵa anali othyola masamba ngati ife. Chimene chinawapatsa mphamvu ndi chakuti anaima pamodzi.

M'chaka chomwecho cha 2021, Khoti Lalikulu la dziko lino linagamula kuti kampani yomanga misewu ya Mota-Engil ilipire mayi wina amene ankagwira ntchito kumeneko. Mayiyo anali atadandaula kwa akuluakulu za mwamuna wa pa ntchitopo amene ankamuvutitsa, koma kampaniyo sinamuteteze. Phunziro lake ndi ili: mwini ntchito akauzidwa nakhala chete, nayenso asenza mlandu.

Mu Malichi 2021 bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission linatulutsa zotsatira za kafukufuku wake pa madandaulo a amayi ogwira ntchito ku wailesi ya MBC. Bungwelo linapeza kuti amene anali mkulu wa wailesiyo, a Aubrey Sumbuleta, anavutitsa amayiwo, ndipo linati amayiwo apepesedwe ndi ndalama. Patapita masabata ochepa apolisi anawamanga. Ngati dandaulo linafika pa mpando waukulu chotere, kapitao wa pa esiteti ndiye ndani kuti lamulo limuope?

Makomo amene tingagogode

Khomo loyamba lili pa ntchito pomwepo. Ngati nkotheka, mkazi auze womuvutitsayo momveka kuti zimenezo sazifuna, makamaka pamaso pa mnzake. Zikapitirira, akanene kwa amene ali pamwamba pa bwanayo, kaya ndi manijala, kaya mwini munda. Ndi bwino kuti dandaulo likhale lolembedwa, lokhala ndi tsiku, ndipo mwini wake asunge pepala lina lofanana nalo. Wosadziŵa kulemba apemphe mnzake womukhulupirira. Kumene kuli bungwe la antchito, monga la ogwira ntchito m'fodya la TOAWUM, mtsogoleri wake adziŵitsidwe.

Khomo lachiŵiri ndi ofesi ya leba pa boma pa Kasungu. Apa pali chinthu chimene sitiyenera kuchiiŵala: munthu wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu, kuŵerenga kuchokera tsiku limene anachotsedwa, kuti akadandaule kwa mkulu wa za leba wa m'boma. Amayi, miyezi itatu sichedwa kutha. Wochotsedwa mu Febuluwale asanene kuti adikira akolole chimanga. Mkulu wa leba amaitana mbali zonse ziŵiri, ndipo zikakanika nkhani imapita ku khoti la za ntchito lotchedwa Industrial Relations Court, limene linakhazikitsidwa ndi Malamulo Aakulu a dziko lino, ndipo lili ndi maofesi ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Blantyre. Khotilo lingalamule kuti munthu abwezeredwe pa ntchito kapena alipidwe. Lamulo linaika malire a pansi: wogwira ntchito zaka zosapitirira 5 alandire zosachepera malipiro a mlungu umodzi pa chaka chilichonse chimene anagwira, ndipo malirewo amakwera mpaka malipiro a mwezi wathunthu pa chaka chilichonse kwa amene anapitirira zaka 15.

Khomo lachitatu ndi polisi. Kumeneko kuli nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, imene ambiri timaitcha Victim Support, kumene munthu angalankhule pambali, osati pa kauntala pamaso pa anthu. Ngati mkazi wagwiriridwa, chinthu choyamba ndi kuthamangira ku chipatala asanasambe ndi asanachape zovala, pakuti umboni uli pamenepo. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito munthu akayamba kumwa asanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu. Manyazi asatidyere masiku atatu ameneŵa.

Khomo lachinayi ndi bungwe lija la Malawi Human Rights Commission, limene lamulo la mu 2013 linalipatsa udindo woona kuti lamulolo likutsatidwa. Limalandira madandaulo ndi kufufuza. Amene afuna loya koma alibe ndalama angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira anthu osauka pa milandu. Lilipo ndi bungwe la maloya aakazi la Women Lawyers Association, limene lakhala likuimira amayi pa milandu ya nkhanza. Kudzera mwa loya, mkazi angathe kusumira womuvutitsayo ndi kampani yomwe kuti amulipire chifukwa cha kunyozeka ndi kuvutika kwake.

Mafumu athu, timakulemekezani, ndipo mawu anu ali ndi mphamvu pa eni minda amene akhala m'dziko lanu. Pempho lathu ndi lakuti nkhani ya kugwirira isathere pa bwalo ndi mbuzi kapena nkhuku. Imeneyo ndi ya polisi ndi khoti. Mbuzi ikadyedwa, munthu uja amabwerera pa ntchito ndi kukayamba mwana wa wina.

Umboni ndiwo ndodo

Pa mlandu uliwonse bwana amakana, ndipo kaŵirikaŵiri amanena kuti mkaziyo anali waulesi kapena wakuba. Nchifukwa chake umboni uyenera kusungidwa kuyambira tsiku loyamba. Gulani kope laling'ono, muzilembamo tsiku, malo, mawu amene ananenedwa ndi anthu amene analipo. Mauthenga a pa foni musafufute, ngakhale akhale onyansa chotani. Sungani tikiti ya ntchito, timapepala ta malipiro, kalata yolembedwera ntchito ndi yochotsedwera. Uzani munthu mmodzi wodalirika tsiku lomwelo, pakuti iyeyo adzakhala mboni yakuti simunapeke nkhaniyo mutachotsedwa kale. Ndipo musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simunalimve. Pemphani kuti mupite nalo wina akakuŵerengereni.

Tisanamizane, njira imeneyi ndi yaminga. Milandu imachedwa, ulendo wa ku Lilongwe ufuna ndalama, ndipo pa esiteti ina dzina la mayi wodandaula limayamba kudumphidwa. Mayi amene ali yekha amatopa panjira nabwerera. Apa ndi pamene pakubwera ntchito yathu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Gawo lathu ife amayi

Choyamba, mnzathu akatiuza zotere, timumvere ndi kumusungira chinsinsi. Funso loti, "Nanga iwe unatani kuti akufune?" lisatuluke pakamwa pa mayi wa Chigwirizano. Nkhani yake isasanduke ndiwo za pa mtondo.

Chachiŵiri, timuperekeze. Mayi woloŵa yekha mu ofesi amanjenjemera, koma akakhala ndi amayi aŵiri kumbuyo kwake amalankhula, ndipo womumverayo amakhala tcheru. Monga timasonkha ufa ndi nkhuni pa maliro, tingathe kusonkha ndalama ya ulendo kuti mnzathu akafike ku leba miyezi itatu isanathe.

Chachitatu, amene tinaona ndi maso tisakane umboni. Pa chigafa palibe chobisika, onse amadziŵa amene amatsalira ndi amene amalira. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Chachinayi, tiphunzitse ana athu aakazi asanapite kukafuna ntchito. Pa chilangizo timawauza za ulemu kwa akulu, ndipo nzabwino. Koma tiwauzenso kuti ulemu sutanthauza kuvomera chilichonse, ndi kuti kukana bwana pa nkhani yotere si mwano. Kuyambira mu 2017 Malamulo Aakulu amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Tisatumize ana otere kukakhala m'nyumba za anthu amene sitiwadziŵa.

Chachisanu chikhudza nyumba zathu zomwe. Ena mwa ife tili ndi minda ndipo timalemba aganyu, ena tili ndi atsikana otithandiza pakhomo. Pamenepo bwana ndi bambo a kunyumba kwathu, kapena mwana wathu wamwamuna. Mtsikana akabwera kudzadandaula, chapafupi ndi kumuthamangitsa usiku kuti mbiri ya banja isaipe. Amayi anzathu, kuteroko ndi kuonjezera mlandu pa mlandu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Timakumbukira Boazi, mwini munda wa m'buku la Rute, amene analamula anyamata ake kuti asamukhudze mkazi wachilendo wokunkha m'munda mwake. Mwini munda aliyense wa kuno angachite chimodzimodzi: aitane akapitao ake nyengo isanayambe, awauze poyera, ndipo asankhe mayi wachikulire amene aganyu aakazi angamufikire.

Mawu kwa abambo

Abambo athu, tikuthokozani kuti mwakhala nafe mpaka pano. Amayi ambiri amabisa nkhani zotere chifukwa choopa inu kuposa bwanayo. Mayi akakuuzani kuti kapitao akumuvutitsa, ndiye kuti akukhulupirirani. Musamubweze kwawo, musamumenye, ndiponso musatenge chikwanje kupita ku esiteti, pakuti mukatero womangidwa mukhala inu, wolakwa natsala akuseka. Valani jekete, mumuperekeze ku leba kapena ku polisi. Ndipo inu amene muli akapitao, makalaliki ndi eni minda, kumbukirani kuti mkazi amene waima pamzere kudikira tikiti ndi mlongo wa wina, mayi wa wina, monganso wanu ali pamzere kwina.

Potsiriza, Amayi Wapampando, komiti ikupempha kuti m'dera lililonse tisankhe amayi aŵiri okhwima maganizo ndi osunga pakamwa, amene wovutika angawafikire usana kapena usiku, ndi kuti pa msonkhano wathu wina tidzaitane a ku ofesi ya leba ndi a polisi adzatiphunzitse zambiri ndi kuyankha mafunso athu. Pobwerera kwathu tinyamule zinthu zitatu izi: gawo 6 la lamulo la mu 2013, miyezi itatu ya ku leba, ndi masiku atatu a ku chipatala. Tikauze anzathu amene sanabwere, ku chitsime, ku munda ndi ku chigafa. Mayi amagulitsa mphamvu za manja ake ndi thukuta lake, ndipo malipiro ake ndi a zimenezo basi.